Pepala Lomata Kumanzere

1. Mzere wofiira

Kafunse sanabadwe ndi dzina limeneli. Analipeza chifukwa cha pakamwa. Ali wamng'ono ankati akafunsa abambo ake chinthu, iwo ankamuyankha kuti, "Kafunse amako." Akapita kwa amake, nawonso ankati, "Kafunse abambo ako." Anthu a pamdadada wa nyumba zawo anamva mawuwa kambirimbiri mpaka anawasandutsa dzina. Pofika Fomu 4, ngakhale aphunzitsi ankachita kusuzumira m'kaundula kuti akumbukire dzina lake lenileni.

Chaka chimenecho sukulu inasankha Kafunse kuti akaiyimire pa mpikisano wa sukulu zonse za m'dzikomo. Mphoto yake sinali chikho chokatola fumbi mu ofesi ya ahedi ayi. Ana khumi ochita bwino ankapatsidwa malo aulere ku koleji ya zaumisiri. Kwa mtsikana wa m'nyumba ya zipinda ziwiri ngati iyeyu, khomo lina lolowera ku koleji kunalibe. Iye ankadziwa zimenezi, ndipo makolo ake ankazidziwa koposa.

Funso la mpikisano linali lakuti: "Yerekezerani katundu wotuluka m'mafakitale a dziko lathu ndi wotuluka m'mafakitale a dziko la kutsidya. Ndani akupita patsogolo?" Poti tauni yawo inali ya fakitale yoluka nsalu, aphunzitsi a Jogalafe anati ayerekezere nsalu.

Aphunzitsiwa anali munthu wabwino mtima, koma waphuma, woyenda ndi choko m'matumba onse. Tsiku lina anabwera ndi kabuku konyezimira kochokera kufakitale, nakaponya pa desiki la Kafunse.

"Ntchito yatha apa," anatero. "Tiyambira zaka khumi zapitazo. Chaka chimenecho tinena kuti nsalu zathu ndi 100, za akutsidya nazonso ndi 100. Lero ife tili pa 160, iwo ali pa 130. Waona? Tawasiya m'fumbi."

Kafunse anatenga pepala lalikulu, rula ndi zolembera ziwiri. Mzere wathu anaujambula wofiira, wa akutsidya wobiriwira. Wofiirawo unakwera ngati makwerero, n'kusiya mnzake pansi. Chinali tchati chokongola, ndipo aliyense wodutsa pawindo ankaima kaye.

Zinthu zikanathera pomwepo, koma munthu sataya khalidwe lake.

"Aphunzitsi," anatero Kafunse akupukuta rula, "100 ameneyu ndi 100 chiyani? Mamita? Mabelo?"

"Ndi 100 basi. Ndi poyambira."

"Nanga ngati tawasiya, bwanji yunifolomu yangayi ndi ya kutsidya?" Anatembenuza kolala ya malaya ake n'kuwaonetsa kachikwangwani. "Yanunso shatiyo, ndikukayika."

Aphunzitsi anagwira kolala yawo, koma sanaitembenuze.

"Iwe mwana, Lachisanu bwana wamkulu wa kufakitale akubwera kudzaonerera ukuyeserera. Lolemba ukukwera basi. Loweza zimene zili m'kabukumo, mafunso ukafunse ukafika kukoleji."

2. Buku lochirikiza shelefu

Laibulale ya pasukulupo inali kachipinda ka windo limodzi. Mabuku ambiri anali othothoka masamba, ndipo shelefu ya pakona inali yothyoka mwendo. Wina wanzeru zake anaichirikiza ndi buku lalikulu lachikuto cholimba.

Kafunse anafufuza mashelefu onse osapeza kanthu. Atatopa anakhala pansi, ndipo maso ake anagwera pa buku lija. Pamsana pake panalembedwa kuti ndi ziwerengero za mafakitale a maiko a m'chigawo. Anatuluka panja, natola njerwa, naisinthanitsa ndi bukulo. Shelefu sinadandaule.

Bukulo linasindikizidwa zaka khumi zapitazo, ndipo linkabwerera m'mbuyo zaka zina makumi awiri. Munalibe za 100. Munali mamita enieni a nsalu.

Zaka makumi atatu zapitazo, dziko lathu linkaluka mamita 40 miliyoni pa chaka. Akutsidya ankaluka 10 miliyoni.

Zaka makumi awiri zapitazo, ife 25 miliyoni, iwo 30 miliyoni.

Zaka khumi zapitazo, ife 10 miliyoni, iwo 60 miliyoni.

Kafunse anawerenga kawiri, akuloza ndi chala. Kenako anatsegula kabuku konyezimira kaja n'kuchita masamu kuseri kwa kope lake. Ngati 100 wathu anali mamita 10 miliyoni, ndiye kuti 160 ndi 16 miliyoni. Ngati 100 wa akutsidya anali 60 miliyoni, ndiye kuti 130 ndi 78 miliyoni.

Anatsegula masamba a sopo ndi a simenti. Manambala anali ena, koma nyimbo inali yomweyo.

Kabukuko sikananame ngakhale nambala imodzi. Kanangosankha kuyamba nkhani chaka chimene tinali pansi penipeni, n'kutiimika pamzere umodzi ndi anthu amene ankatiposa kasanu ndi kamodzi. Zimenezi zinamukwiyitsa Kafunse kuposa bodza lenileni. Masiku atatu athunthu anakhala akukongoletsa chinthu chimenechi ndi manja ake.

Anapempha pepala lina lalikulu kwa mayi wosunga zipangizo, nagula guluu pa kashopu ka pageti.

3. Kubwereka

Abambo ake a Kafunse ankakonza makina osokera pakhonde la nyumba. Kale anali makaniko wa makina olukira nsalu kufakitale, koma za kumeneko sankazikamba. Munthu akaziyamba, iwo ankafunafuna sipanala imene sinasowe.

Masana amenewo Kafunse anayala kope lake pa benchi, pakati pa timabotolo ta oyilo.

"Ababa, manambala awa ndi oona?"

Abambo anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kafunse ankadikira kuti amutumiza kwa amake ngati kale, koma ulendo uno anaika sikuludalaivala pansi.

"Ndi oona. Ndinalipo.

"Masiku amenewo hutala yoitanira anthu kuntchito inkalira katatu pa tsiku. Maholo atatu onse ankagwira ntchito, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka pano pakhonde. Akutsidya anatitumizira anyamata asanu ndi mmodzi kuti tiwaphunzitse ntchito. Mmodzi anandipatsa ine. Sankadziwa ngakhale kagwiridwe ka sipanala. Tinkawaseka, mwana wanga, tinkawaseka mpaka misozi.

"Kenako masipeyala anayamba kusowa. Kachitsulo kakathyoka, akuluakulu ankati dikirani, taitanitsa. Koma nsalu ankazifuna tsiku lomwelo. Ndiye tinapeza nzeru yathu. Tinkapita mu holo yachitatu, kumasula kachitsulo pa makina amoyo, n'kukakamanga pa makina a mu holo yoyamba. Tinkakutcha kubwereka. Palibe amene ankati kuba kapena kupha. Kubwereka. Ndipo wobwereka wamkulu ndinali ine. Mabwana ankandigwira chanza, amvekere uyu ali ndi manja agolide. Makina amodzi ankafa kuti asanu ayende, ndipo tsiku limenelo nsalu zinkakwana. Patapita zaka, holo yachitatu inatsala mafupa okhaokha. Tinalowa yachiwiri."

"Nanga mnyamata wa kutsidya uja?"

"Ameneyo anali ndi kachizolowezi kondinyansa. Chitsulo chikathyoka, ine ndinkaponya zidutswazo mu diramu. Iye ankazitola, kuzilumikiza, kuziyeza mbali zonse n'kuzijambula m'kope. Ndinkamukalipira kuti akutaya nthawi. Atabwerera kwawo, iye ndi anzakewo anapempha makina osulira zitsulo, nayamba kudzipangira okha masipeyala. Holo yathu yachiwiri itatsekedwa, ndi iwowo amene anabwera ndi malole kudzagula mafupa aja. Ndinamva kuti anawadzutsa onse."

Kafunse anali akulemba msangamsanga. Abambo anagwira cholemberacho.

"Ayi. Ndakuuza kuti udziwe, osati kuti ukalengeze. Madzi akatayika sawoleka. Amene tinachita zimenezi ena anamwalira, ena tikukonza makina a matelala m'makonde. Ukakafukula, makinawo sadzuka, koma iweyo ukagwera m'dzenje lomwelo. Ine ndinawononga zanga. Usawononge zako chifukwa cha ine."

"Si chifukwa cha inu, Ababa. Funso likuti ndani akupita patsogolo."

"Funso ndi la papepala. Moyo si pepala."

"Ndiye akanafunsa kuti ndani akufuna kusangalatsidwa."

Abambo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, napukusa mutu. Anatola sikuludalaivala ija, koma kwa nthawi ndithu sanamasule kanthu.

4. Mawu a amayi

Amake a Kafunse ankagwira ntchito m'chipinda chopindira nsalu, mu holo imodzi imene inatsala. Anafika chakumadzulo, ulusi uli mbuu m'tsitsi, napeza mwana wawo atagwada pansi pabalaza. Kafunse anali atamata pepala latsopano kumanzere kwa tchati chija, ndipo ankajambulapo mizere iwiri ija mwatsopano m'mamita enieni, kuyambira zaka makumi atatu zapitazo mpaka lero. Tchaticho tsopano chinali chotalika kuchokera pakhomo mpaka kukabati.

Amayi sanapite patali kusukulu, koma mzere wotsetsereka ankaudziwa. Anafunsa mafunso awiri okha, nakhala pampando osavula nsapato.

"Tandimvera, mwana iwe, ndipo usandidule mawu.

"Ukuganiza kuti ife sitidziwa? Tsiku lililonse ndimadutsa pa maholo awiri otseka, mbalame zikulowa ndi kutuluka m'mawindo. Sindifunika buku kuti lindiuze. Bwana amene akubwera Lachisanuyo naye akudziwa. Ahedi akudziwa. Anthu akakhala chete si kuti ndi opusa. Ali ndi ana oti adyetse.

"Ine ndinasiya sukulu ndili wamng'ono kuposa iwe. Ndapinda nsalu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zala izi siziwongokanso bwino. Ndimadzuka m'mawa n'kunena kuti zilibe kanthu, wanga uja sadzapinda nsalu za munthu. Tsopano khomo latseguka, iwe ukufuna kuima pakhomopo n'kuyamba kutsutsana ndi mwini nyumba? Lowa kaye! Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Ukapeza pepala lako la kukoleji, udzalankhule mpaka mawu adzakuthere, ine ndidzakuombera m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona siziwola, zidzakudikira. Koma malo amenewa sadikira munthu. Ukawataya, pali ana zana amene akuwayang'anitsitsa.

"Matula pepalalo guluu asanaume."

Kafunse anadikira mpaka anatsimikiza kuti amaliza.

"Amayi, ndamva. Koma kukolejiko ndikupita kukaphunzira kuyeza zinthu. Ndikalowe ndi muyeso wokhota m'manja? Akakandifunsa oweruza kuti 100 ameneyu ndi chiyani, ndikati chiyani?"

"Ukati sukudziwa."

"Koma ndikudziwa."

"Ha! Bambo a Kafunse, mukumumva mwana wanuyu?"

Kuchokera pakhonde kunamveka kutsokomola kokha.

Amayi anavula nsapato, nazimenyetsa pansi kuti fumbi lichoke, ngakhale zinalibe fumbi kwenikweni. Analowa kuchipinda akung'ung'udza kuti liuma limeneli si la kwawo. Kafunse anasindikiza chikhatho pamzere wa guluu mpaka anauma.

5. Lachisanu

Holo ya sukulu inadzaza. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 anakhala pa mabenchi, aphunzitsi m'mbali. Kutsogolo kunali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, ndipo pakati panakhala bwana wa kufakitale, munthu wamtali wa suti yotuwa ndi wotchi yolemera. Ahedi anali pambali pake, akuseka nthabwala za bwanayo zisanafike n'kumapeto komwe.

Kafunse anapachika tchati pa bolodi. Pepala la kumanzere analipinda kumbuyo, moti pankaoneka mizere ya zaka khumi yokha.

Anayamba bwinobwino. Anafotokoza 100, anafotokoza 160 ndi 130. Bwana anagwedeza mutu. Aphunzitsi a Jogalafe anapuma mpweya wautali, ndipo ena anayamba kuomba m'manja.

"Sindinamalize," anatero Kafunse.

Anachotsa mapini awiri, natambasula pepala lija. Linali lalitali kuposa bolodi, choncho mbali ina anaigwira ndi dzanja. Pa pepala limeneli mizere inali m'mamita enieni, ndipo pansi pa chaka chilichonse anali atalemba manambala ake. Mzere wofiira unayambira pamwamba kwambiri, n'kutsetsereka, n'kutsetserekabe, kenako kumapeto n'kudzuka pang'ono. Wobiriwira unayambira pansi, n'kudutsana ndi wofiira pakati, n'kupitirira osayang'ana m'mbuyo.



"Kabuku kaja kakunena zoona kuti m'zaka khumi takula msanga kuposa akutsidya," anatero. "Khanda likachoka pa makilogalamu 10 kufika pa 16, lakula msanga kuposa munthu wamkulu amene wachoka pa 60 kufika pa 78. Koma ndani anganyamule mnzake? Ndipo ife si khanda. Ndife munthu amene ankalemera 40, anadwala mpaka kufika pa 10, tsopano wayamba kumwa phala. Tithokoze kuti wadzuka, koma tisamuuze kuti wapambana mpikisano wothamanga. M'zaka khumi zimenezi ife tawonjezera mamita 6 miliyoni. Iwo awonjezera 18 miliyoni. Mpata sukuchepa, ukukula."

Kumbuyo wina anaimba likhweru, mphunzitsi wina namuyang'ana ndi diso lofiira.

Kafunse anapitiriza. Anafotokoza za masipeyala, za kumasula makina amoyo pofuna kuyendetsa ena, ndi za anthu amene ankatola zidutswa n'kuziyeza. Sanatchule munthu aliyense.

"Funso likuti ndani akupita patsogolo. Yankho langa ndi lakuti ndi akutsidya. Ndipo anaphunzira kwa ife, ndiye palibe chotiletsa kukaphunzira kwa iwo."

Palibe anaomba m'manja. Ana ankayang'ana aphunzitsi, aphunzitsi ankayang'ana ahedi, ahedi ankayang'ana nsalu ya patebulo.

Bwana anafunsa modekha, "Za mkati mwa fakitale zimenezi wakuuza ndani, mtsikana?"

"Munthu amene analipo, bwana."

"Dzina lake?"

"Dzina lake silisintha manambalawa, bwana."

Bwanayo anayang'ana wotchi yake, nadzuka. Anauza ahedi kuti ali ndi msonkhano wina. Tiyi amene anamukonzera anazizirira m'makapu.

6. Sizasi

Mu ofesi ya ahedi munali anthu atatu: ahediwo, aphunzitsi a Jogalafe ndi Kafunse. Tchati chinali patebulo, ndipo pamwamba pake panali sizasi.

Ahedi sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala zosavuta.

"Khala pansi, mwana wanga. Masamu ako ndawaona, ndipo sindikuwatsutsa. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ndikudziwa mwana wanzeru ndikamuona. Koma nzeru zopanda ulemu ndi mpeni wopanda chigwiriro, umacheka mwini wake.

"Mlendo tamuitana tokha. Basi imene ikupita ku mpikisano Lolemba ndi ya fakitale. Denga la labotale imene umaphunziriramo anakhoma ndi iwowo. Theka la ana a pasukulu pano makolo awo amalowa pageti la fakitale imeneyo. Iwe waima pamaso pa anthu n'kumuvula munthu wamkulu. Wapindulanji? Zimene wafukulazo zinachitika iwe usanabadwe. Tsobola wakale sawawa. Anthu akuyesetsa kudzutsa fakitale, akufuna mawu owalimbitsa mtima, osati mwana wowawerengera mabala.

"Komanso kumpikisanoko sukupita ngati iwe wekha. Ukunyamula dzina la sukulu. Sindingatumize mwana kukauza dziko lonse kuti tagonja.

"Ndiye ndikupatsa mwayi umene ena sakanakupatsa. Dula apa pamene unamata. Mbali ya kumanja ilibe bodza, wanena wekha. Upita nayo Lolemba, ukapambana, ukalowa koleji, ndipo za lerozi tiiwala. Ukakana, malo ako ndipereka kwa wina."

Aphunzitsi a Jogalafe anasendera pafupi. Maso awo anali ofiira.

"Kulakwa ndi kwanga," ananong'ona. "Kabuku kaja sindinakafunse mafunso. Koma chonde dula, Kafunse. Ine ndikudziwa kuti wakhoza, iwenso ukudziwa. Sizikukwanira zimenezo?"

Kafunse anatola sizasi ija. Inali yolemera, ya zitsulo zozizira. Mzere wa guluu unkaoneka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo kudula kukanatenga nthawi yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato.

Anaibweza patebulo, chogwirira chitaloza kwa ahedi.

"Ahedi, munatiphunzitsa pa asembule kuti wokopera mayeso amadzinyenga yekha. Kudula apa ndi kukopera. Ngati tsobolayu sawawa, bwanji bwana uja sanamwe tiyi?"

"Samala pakamwa pako."

"Pepani, ahedi. Koma sindidula."

"Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa."

Ahedi anatsegula kabati, natulutsa kalata yopita kwa okonza mpikisano. Anatenga rula, najambula mzere wowongoka bwino pa dzina la Kafunse, dzina lake lenileni lija. Pamwamba pake analemba la mtsikana wina wa m'kalasi mwake.

"Tenga pepala lako uzipita."

Kafunse anakulunga tchati chake mosafulumira, nawerama mwaulemu, natuluka. Atafika kuseri kwa labotale misozi inatuluka yokha. Zinamuwawa kwambiri, ndipo kukhoza kwake sikunachepetse ululuwo ngakhale pang'ono. Koleji ija anali ataiona kale m'maso mwake, ndi ovololo yake yomwe. Analira mpaka kolala inanyowa, kenako anakwiya ndi misoziyo, naipukuta ndi mkono.

7. Pakhoma

Msewu wochokera kufakitale unkadutsa kutsogolo kwa sukulu. Tsidya lake kunali sitolo yotsekedwa kalekale, ya khoma lalitali lopanda windo. Kafunse atatuluka pageti anaima n'kuliyang'ana khomalo. M'chikwama munali mutatsala guluu theka la botolo.

Hutala inalira, kusonyeza kuti anthu aweruka.

Anawoloka msewu, natambasula tchati, nayamba kuchimata. Mphepo inkalimbana naye. Akamata kumanja, kumanzere kunkamatuka. Anthu oyamba a kufakitale anamupeza akulimbana nacho choncho, ndipo anaima kuti aone misala ya mwana wasukuluyo.

"Kodi ndi zotsatira za mpira?" anafunsa mnyamata wina wa njinga.

"Ndi nsalu," anayankha Kafunse. "Wofiirawu ndi ife. Wobiriwirawu ndi akutsidya."

Bambo wina wa imvi anayandikira, naika chala pamwamba pa mzere wofiira. "Apa ndinali nditangoyamba kumene," anatero. Anatsetsereka nacho chalacho pang'onopang'ono mpaka pansi.

Anthu anachuluka. Ena ankafunsa, Kafunse n'kumayankha, dzanja limodzi lili pakhoma. Ena ankatsutsana okhaokha za chaka chimene holo yachiwiri inatsekedwa. Mayi wina anakoka mnzake kuti azipita asanawaone.

Kenako anthu anapatuka pang'ono, ndipo Kafunse anaona amake. Anali ataima ndi kachikwama kawo kukhwapa, ulusi uli m'tsitsi. Sanayang'ane tchaticho. Anayang'ana maso a mwana wawo, amene anali otupa.

"Akuchotsa pa mpikisano?"

"Eya, Amayi."

"Unapatsidwa mwayi wokonza?"

"Anandipatsa sizasi."

Amayi anatseka maso. Kafunse anakonzeka kulandira mawu onse amene ankayenera kubwera, pamaso pa anthu onsewo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zopinda nsalu zinali zitathera mu ofesi ya ahedi masana amodzi, ndipo wozitaya anali iyeyo.

Mphepo inawombanso, ngodya ya kumanzere n'kumatuka. Pepala linayamba kupindika, likuphimba zaka zoyambirira zija.

Amayi anaika kachikwama pansi. Anatambasula dzanja, nagwira ngodyayo, naisalaza pakhoma ndi chikhatho monga amasalazira nsalu kuntchito.

"Guluu wako ndi wachabechabe," anatero, mawu ali okhakhala. "Thira wina apa. Za kunyumba tikakambirana kunyumba, ndipo usaganize kuti zatha."

Kafunse anathira guluu.

Anthu a kumbuyo anayamba kubalalika mwakachetechete. Galimoto yotuwa inali itaima m'mphepete mwa msewu, injini ikulirabe. Galasi la kumbuyo linatsika, ndipo bwana wa kufakitale anayang'ana tchaticho, nayang'ana Kafunse, kenako maso ake anaima pa yunifolomu ya kuntchito imene amayi anavala.

"Mayi inu a kopindira nsalu," anaitana. "Mwanayu ndi wanu?"

Amayi sanachotse dzanja pakhoma.

"Ndi wanga, bwana."